Masamba Aawisi pa Msewu wa ku Dibi

Lolemba

M'mawa. Kalata ya ku khonsolo yafika. Abwera Lachisanu kudzaona okha.

Ndiyambe ndayala nkhaniyi bwinobwino, mutu usatenthe. Kuseri kwa mpanda wanga kuli kamzere ka malo, udzu wokhawokha ndi chisoso. Kamayambira pa msewu waukulu wa ku Kabudula, n'kudutsa pamene panali dibi la ng'ombe, n'kukalowa njira ya ku chigayo ndi ku chipatala. Pa mapu a boma ndi msewu. Pamaso ndi tchire. Dibilo linafa mwana wanga Tamanda asanayambe sukulu, ndipo lero Tamandayo ali ndi ana ake m'tauni.

Ine ndi Che Jafali, a golosale amene khoma lawo lakumbuyo layang'anana ndi mpanda wanga, tinapempha kuti msewuwo aufafanize pa mapu, malowo atigawire pakati. A khonsolo akuti zimatheka, zinthu zitatu zikakwanira:

- anthu akhale kuti sadutsamo
- mabikoni a malire aoneke
- oyandikana nawo asakane

Chachitatu chatha kale. Oyandikana nawo ndife tomwe.

Chimene ndikuvutikira: mbande zanga. Mango omezanitsa ndi mapeyala, m'machubu kuseri kwa khitchini. Mizu yaboola kale machubu, ikufunafuna dothi. Mvula ikangoyamba ziyenera kulowa pansi. Zikaphonya chaka chino, zapita. Poloti yanga yadzaza: nyumba, khitchini, bafa, chimbudzi, khola. Moyo wanga wonse wa ulangizi ndauza anthu kuti adzale mitengo m'minda mwawo, ine mwini wopanda mtengo ndi umodzi womwe wa zipatso. Kwathu ku Ntcheu malo anatha kalekale. Kwa amake Tamanda ku Nambuma ndine mkamwini, ndipo mkamwini akadzala mtengo, mthunzi ndi wa eni mudzi. Kamzere aka ndiye munda woyamba wa dzina langa.

Amake Tamanda akuti: "Aliyense akudziwa kuti mulibe munthu amadutsamo." Kudziwa kwa aliyense si umboni. Ndikhala pomwepo sabata yonse, ndione ndi maso anga, ndilembe.

Ndatulutsa mpando wa ndalema, kabuku, chipewa, botolo la madzi. Ndakhala pakati penipeni, pamthunzi wa keshya wa mumpanda mwanga.

Mpaka dzuwa kufika paliwombo, odutsa ndi awa:

- mbuzi
- nkhuku ndi anapiye ake
- buluzi, ngakhale iyeyu wangoima

Anthu: palibe. Umboni ndi wokoma!

Masana. Kavuto kakang'ono. AKathumba, amene ndinkawalangiza za fodya kale, akudutsa pa msewu waukulu. Andiona. Sangapitirire osapereka moni. Akhota, apondaponda udzu, avula chipewa. Takamba za kutentha, za mitengo ya feteleza, za bondo lawo. Potsazika akuti: "Kubwerera n'kutali, ndingotulukira uko ku dibi." Atulukira ku dibi.

Kodi ameneyu ndi wodutsa, kapena wopereka moni? Ndatsegula gawo latsopano m'kabuku: Amoni.

Madzulo. Gawo la Amoni ladzaza tsamba. Amayi ochokera ku chigayo, ufa uli pamutu. Aphunzitsi a Sitandade 5. Mkulu wa mpingo. Bambo wina amene sindikumudziwa, koma waona anzake akukhota. Onse alowera mbali imodzi n'kutulukira ina. Udzu wagona.

Amake Tamanda: "Munthu wamkulu akakhala panja, ndiye kuti akufuna anthu." Ndawauza kuti ine ndikufuna kusowa kwa anthu. Akuti zimenezo sakhalira pampando.

Lachiwiri

M'mawa. Kulakwa kwa dzulo ndakuona. Pa maphunziro ku Chitedze anatiuza kuti woyesa munda asamaponde m'mizere. Ine dzulo ndinaponda.

Lero ndibisala. Ndaboola kachibowo pampanda, ndakhala pa ndowa yovundikira, diso limodzi kunja.

Zabwino kwa kanthawi. Mbuzi. Nkhuku ija, anapiye achepa ndi mmodzi, khwangwala akudziwa.

Kenaka anthu. Akufika pamene panali mpando dzulo, n'kuima, n'kumaodira tchire: "Odi! Odi aMlangizi!" Mbiri yamveka kuti ndatsegula ofesi kuseri kwa nyumba. Abwera ndi izi:

- chimanga chofumbwa m'chitini
- tsamba la tomato lamawanga
- mbuzi yotsokomola, yeniyeni, pachingwe

Ndakhala chete ngati chitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiye mawu a amake Tamanda kuchokera ku khitchini: "Ali pa chibowopo, yankhulani, akumva."

Ndalangiza anthu kudzera pa chibowo. Mbuzi ili ndi njoka zam'mimba.

Masana. Mabikoni. Kalata ikuti aoneke, ndiye aoneke. Vuto n'lakuti sindikudziwa pamene ali, udzu wafika m'chiuno. Ndatenga chikwakwa, ndayambira ku msewu waukulu. Loyamba lili pansi pa chisoso. Lachiwiri m'mbali mwa chulu. Lachitatu ndalipeza nditatchetcha mpaka ku dibi. Lachinayi kulibe. Ndabwerera ndikutchetcha mbali inayo. Kulibe!

Ndalowa ku khitchini kukamwa madzi. Lachinayi lili pamoto. Ndi limodzi la mafuwa athu. Amake Tamanda akuti analitola kalekale, linali lopanda mwini, ndipo silisweka ndi moto ngati miyala ya kuno. Ndawafotokozera kuti kuzula bikoni ndi mlandu. Akuti: "Nanga zimene mwadya zaka zonsezi?"

Ndalibwezera pamene mapu akunena. Ndi lakuda bii. Pamoto ndasiya njerwa m'malo mwake.

Madzulo. Ndaima ku msewu waukulu kuti ndione ntchito yanga. Mabikoni onse akuoneka. Choipa n'chakuti china chikuonekanso: kuyambira pano mpaka ku dibi, mbee, kowongoka ngati mzere wa fodya.

Mnyamata wa kabaza wamanga mabuleki pafupi nane. "Madala, mwatsegula liti?" Ndamuuza kuti sindikutsegula, ndikutseka. Wayang'ana, wagwedeza mutu. "Mukutseka bwino kwambiri." Waliza belu, walowa.

Ndamulemba. Si wamoni ameneyu.

Lachitatu

M'mawa. Tsiku la msika. Ndinaiwala kuliika m'dongosolo langa. Munthu wowerenga mabuku ngati ine!

Anyamata a kabaza auzana. Akuti kupita ku chigayo kudzera kuno sukumana ndi chitunda cha pa sukulu, ndiponso ulibe fumbi la malole. Zimenezi n'zoona; ndayesa kupeza polakwika, palibe.

Odutsa, mpaka pamene pensulo yathyoka:

- kabaza, kabaza, kabaza
- amayi a tomato
- bambo wa mabelo a kaunjika
- nkhumba yomangidwa pa njinga, ikulira njira yonse
- matenanti a ku esiteti, akuchokera kogula sopo
- ana a sukulu, amene kwawo si mbali ino n'komwe
- aKathumba, kudzapereka moni kachiwiri

Chakumasana. Kugogoda kwa hamala. Njerwa zikugwa kuchokera pa khoma la Che Jafali, mbali yoyang'ana kuno. Mutu wawo watulukira pa bowolo, fumbi m'ndevu. "Ndi mpweya chabe, aMlangizi. Shopu ikutentha."

Ndawakumbutsa kuti pempho lija tinasaina tonse. Akuti: "Eee, pamodzi mpaka kumapeto, achimwene."

Dzuwa lisanapendeke, bowo la mpweya lili ndi thabwa. Pa thabwalo: shuga, machesi, mchere, mabanzi, mayunitsi. Mpweya ukugulitsidwa bwino ndithu.

Ndiganize mofatsa. Kulira sikuthandiza, kukalipa sikuthandiza. Zoona zake ndi izi: msewuwu unali wosadutsidwa mpaka Lolemba m'mawa. Kudutsa kwa tsopanoku n'kongobwera, ngati mbozi m'munda. Kukatsekedwa mawa lonse, Lachisanu zinthu zibwerera mwakale. Chofunika ndi chotchinga kumbali zonse ziwiri.

Waya ndilibe. Mitengo yozika ndilibe. Minga ili kutali. Chimene ndili nacho ndi keshya wa mumpanda, amene ayenera kusadzidwa mvula isanabwere. Ntchito ziwiri pa chikwanje chimodzi.

Madzulo. Ndasadza. Ndakoka nthambi, ndaziyala mopingasa polowera ku msewu waukulu, zina ku dibi. Zakwanira bwino, m'mbali mpaka m'mbali.

Amake Tamanda aima pachipata, manja m'chiuno. "Bambo a Tamanda, masambawo ndi aawisi."

Ndikudziwa chimene akutanthauza. Ndinabadwira m'dziko lomwe lino. Masamba aawisi akayalidwa pa msewu, ndiye kuti pakhomopo pagwa zovuta: wa njinga atsike, wa chipewa avule, wa galimoto ayende pang'onopang'ono. Koma mwambowo ukunena za msewu. Uwu si msewu. Nkhani yonse ya sabata ino yagona pamenepo. Ndawafotokozera zimenezi mwadongosolo, mfundo ndi mfundo.

Amvetsera mpaka kumapeto, chinthu chosachitikachitika. Kenaka: "Chabwino. Mawa mudzavale malaya abwino."

Lachinayi

M'mawa. Bata! Palibe belu, palibe wailesi ya pa njinga. Amake Tamanda apita ku mjigo. Ine ndili kuseri kwa khitchini, kheni m'manja, ndikuthirira mbande. Ndaziuza kuti zipirire tsiku limodzi.

Kenaka kaphokoso kachilendo: tiki, tiki, tiki. Ndasuzumira pa chibowo. Anyamata a kabaza akudutsa ndithu, koma akukankha njinga, zipewa m'manja, maso pansi. Okwera akuyenda pambuyo. Masamba awalumpha mwaulemu.

Ndisanaganize bwino, kulira kwayambira ku msewu waukulu. Liwu limodzi, kenaka ambiri. Kukuyandikira. Kwalowa pachipata changa.

Mpando wa ndalema uli pakhonde, wopanda munthu. Chitseko n'chotsekula. M'nyumba mulibe woyankha. Kwa iwo umboni wakwanira. Ndiyenera kuvomereza kuti aganiza mwadongosolo.

Ndaima kuseri kwa khitchini. Mabuku onse amene ndawerenga, palibe limene limanena nthawi yoyenera yoti malemu atulukire. Ndaganiza zodikira kuti kulira kutsike pang'ono. Sikukutsika. Amayi a ku mpingo afika ndi nkhuni. Ena ndi ufa m'mabeseni. Abambo akhala pansi pa keshya wosadza uja, pafupi kwambiri ndi pamene ndaima.

Zimene ndamva ndi makutu anga:

"Dzulo lomweli anali ndi chikwanje m'manja!"

"Anadziwa. N'chifukwa chake analambula njira. Anthu ophunzira amakonzekeratu."

"Anali munthu wabwino. Kungoti ukawafunsa ngati mvula ibwera, amayambira pa mmene mitambo imapangidwira."

"Mbuzi yanga yasiya kutsokomola. Anali ndi dzanja."

"Nanga timitengo tawo tija atenga ndani?"

Che Jafali, liwu lonjenjemera: "Mnansi wotere sindidzamupezanso." Ndakhudzidwa. Kenaka liwu lomwelo, pa bowo la mpweya: "Masamba a tiyi alipo, amayi, shuga ndi uyu."

Foni yalira m'thumba mwanga. Tamanda. Akulira moti mawu sakumveka. Ndati: "Ndine." Kenaka: "Ababa, mukuyankha bwanji?"

Kulira kwa foni kwandiulula. Ndatuluka, kheni dzanja ili, foni dzanja ili, malaya ong'ambika pamapewa. Mayi wina waponya nkhuni, wathawira ku bafa. Nyimbo yaduka pakati. Ndapereka moni kwa onse. Sindinaone china choyenera.

AKathumba ndi amene alimba mtima. "Nanga watisiya ndani?" Ndati palibe. "Ndiye masambawo?" Ndati ndimatseka msewu. "Msewu uti?" Ndaloza. "Oo. Ndiye ndi msewu, eti?"

Ndanena ndekha, pamaso pa mboni.

Amake Tamanda afika ndi ndowa pamutu. Ayang'ana khamu, ayang'ana ine, ayang'ana malaya anga. Atula ndowa.

Masana. Zotsatira zake:

- Adzukulu, okumba manda, anali atasiya kale minda yawo. Akuti makasu akatuluka sabwerera ndi njala. Atenga tambala wanga, wofiira uja.
- Amfumu atumiza mawu kuti akuseka kaye, mlandu tidzakamba akamaliza.
- Ufa ndi nkhuni sizibwerera. Amayi aphika, anthu adya. Ndadya nawo. Ndiwo za pa maliro anga zinachepa mchere.
- Wina wandipatsa chipepeso m'manja, kenaka wakumbukira, wachitenganso.

Chodetsa nkhawa: uthenga unapita kale ku Nambuma, kwa abale a amake Tamanda. Tayesa kuwaimbira kuti tikonze. Foni ya alamu anga aakulu, aBinisoni, yazima. Amatchajitsa kamodzi pa sabata.

Madzulo. Ndachotsa masamba, ndawaunjika kuseri kwa khola. Tsiku limene ndinafuna kuti pasadutse munthu, padutsa mudzi wonse, ena kawiri. Dothi lalimba ngati bwalo la mpira.

Pa bedi ndapeza malaya anga oyera, osita bwino.

Lachisanu

M'mawa. Si zonse zatayika. A khonsolo adzaweruza zimene adzaone, osati zimene zinachitika dzulo.

Ndasesa mapazi ndi matayala ndi nthambi youma. Ndabwerera m'mbuyo kuti ndione. Tsopano ukuoneka ngati msewu woyembekeza mlendo wolemekezeka. Ndatenga udzu umene ndinatchetcha Lachiwiri, ndaumwazanso. Munthu wa zaka zanga, kubwezera udzu pamene anauchotsa! Mbuzi zikutsatira pambuyo, zikudya.

Ndavala malaya oyera aja.

Masana. Afika ndi galimoto. Mayi Gondwe, oona za mapulani a malo, wachitsikana, tepi yoyezera m'manja. Ndi akhansala a dera lino, amene sindinawaitane.

Mwayi uli mbali yanga. Dzuwa likuswa mtengo, anthu abisala. Che Jafali ali ku mzikiti, bowo la mpweya latsekedwa ndi thabwa. Kuyambira ku msewu waukulu mpaka ku dibi kulibe ngakhale nkhuku.

Mayi Gondwe ayenda, ayeza, ajambula ndi foni. Mabikoni apezeka onse. Aima pa lachinayi. "Ili ladetsedwa ndi chiyani?" Ndati linagwirako ntchito ina. Sanafunse zambiri.

Kenaka funso lenileni: "Bambo, sabata ino padutsa anthu pano?"

Apa n'pamene munthu wina akanati ayi. Ine sindinanamepo pa lipoti, ngakhale chaka chimene mbewu yanga yachionetsero inapsa pamaso pa alimi. Ndati adutsa, koma pali kufotokoza. Ndayamba ndi Lolemba: kusiyana kwa odutsa ndi amoni. Ndafika Lachiwiri, pa chikwakwa. Amvetsera mwaulemu. "Ine sindifunsa chifukwa chimene akudutsira, bambo. Ndifunsa ngati akudutsa."

Ndikutsekula pakamwa kuti ndiyankhe, nyimbo yamveka kuchokera ku dibi. Ya maliro. Yokoka, ya mawu anayi.

Ngolo. Ng'ombe ziwiri, thovu kukamwa. Pamwamba: thumba la chimanga, mtolo wa nkhuni, mbuzi, azakhali awiri a amake Tamanda. Pambuyo anthu oyenda pansi, mzere wautali. A ku Nambuma. Ananyamuka dzulo, agona panjira.

Ngolo yadzaza msewu wonse. Mayi Gondwe apatuka, aima pa chulu, kuti idutse pa msewu wosadutsidwa.

ABinisoni ali patsogolo ndi chikwapu. Andiona, ine ndili m'malaya oyera. Nyimbo yayamba kufa kuchokera kutsogolo. Akumbuyo aimbabe ndime yonse. "Alamu, ife tamva kuti mwatisiya." Ndati amva molakwika. Andigwira dzanja, alifinya, ngati akuyesa papaya. "Chabwino. Koma ng'ombe zatopa, tigona."

Ndawafunsa chifukwa chimene alowera mbali ino. "Aliyense watiuza kuti yachidule ndi iyi."

Maso a akhansala akuyenda pa khamulo, mutu ndi mutu. Ndikuwadziwa mayang'anidwe amenewo. Ndi a mlimi woyang'ana chimanga chokhwima. Akwera pa chulu pafupi ndi mayi Gondwe. "Anthu anga! Msewu uwu satseka munthu ine ndili moyo!" A ku Nambuma aomba m'manja, ngakhale savotera kuno.

Che Jafali abwera kuchokera ku mzikiti, mkanjo woyera mbee. Mayi Gondwe awafunsa ngati akugwirizanabe ndi pempho. Ayang'ana kumwamba. "Munthu amaganiza, mayi, kenaka amaganizanso." Achotsa thabwa pa bowo.

Polowa m'galimoto mayi Gondwe anditsazika mokoma mtima. Akuti komiti idzakhala pansi, kalata idzabwera. "Koma mwaona nokha, bambo." Ndaona ndekha. Ndiye vuto lake la umboni: sukondera mwini wake.

Madzulo. M'nyumba mwadzaza alamu. Mbuzi imene anabweretsa ya pa maliro akuti ibwerera nawo, popeza maliro kulibe. Adya nkhuku zanga.

Loweruka

M'mawa. Makasu. Akhansala abwera ndi anthu, akuti ntchito yachitukuko. Akulambula m'mbali, akukumba ngalande. Ngalandeyo yapotoka. Ndayesa kusayang'ana. Ndalephera. Ndatulutsa chingwe ndi zikhomo, ndawawongolera. Madzi akapanda kupatsidwa njira, adzalowa m'khitchini mwanga. Si kuti ndagonja.

Msonkhano pakati pa msewu. Pafunika komiti yousamalira. Wapampando? AKathumba aimirira: "Amene anautsegula." Ndaimika dzanja kuti ndikane, ndifotokoze kuti cholinga changa chinali chosiyana kotheratu. Aomba m'manja. Akuti kudzichepetsa kotere n'kosowa masiku ano.

Msungichuma: Che Jafali. Andipatsa banzi laulere pa bowo la mpweya. Ndalandira. Njala ilibe mbali.

Masana. Mayi wina waima pachipata, mwana kumbuyo. Mayankhulidwe ake ndi a kummwera. Akuti kwawo ndi ku Phalombe, iye ndi mwamuna wake ndi matenanti ku esiteti ya fodya kuseri kwa dambo. "Mwatichepetsera ulendo wa ku sikelo, bambo. Kale timazungulira ku sukulu, mwana amafika atapsa ndi dzuwa." Ndafuna kumuuza kuti sindinachite dala. Mwanayo wandigwira chala. Ndangoti zikomo.

Sindikudziwa gawo loti ndimulembemo.

ABinisoni ayendera mbande zanga, manja kumbuyo. "Alamu, timitengoti tingokweza pa ngolo. Kumudzi malo alipo, kuseri kwa nyumba yanga." Kuseri kwa nyumba yawo! Ndati ndiganiza. Amake Tamanda, osatembenuka n'komwe: "Achimwene, ngoloyo yadzaza kale ndi mbuzi yanu." Nkhani yathera pomwepo. Mkazi ameneyu ndimamumvetsa mochedwa nthawi zonse.

Madzulo. Mitambo yakuda kuchokera ku Mchinji. Mphepo. Kenaka yagwa, yoyamba, ya madontho akuluakulu. Fungo la dothi lalowa mpaka m'nyumba. Ana akuvina mu msewu wanga. Mu msewu wawo.

Ngalande yagwira ntchito bwino.

Mbande zaimika masamba, zikundiyang'ana. Nthawi yakwana, malo palibe.

Ndaimbira mayi Gondwe, ndapepesa kuti ndi Loweruka. Funso limodzi: kodi m'mphepete mwa msewu wa boma munthu angadzale mitengo? Akuti angadzale, bola ngolo zizidutsa, ndipo a khonsolo amakondwa nazo. "Koma malowo ndi a boma, bambo. Mitengoyo musadzaitchingire mpanda." Ndati ndamva. Za kutchinga ndaphunzira.

Lamulungu

Ku tchalitchi aliyense wandigwira dzanja kawiri. Mlaliki wandiyang'ana nthawi yonse ya ulaliki. Mutu wake sindiulemba.

A ku Nambuma anyamuka, mbuzi yawo ili moyo. Atulukira ku dibi.

Masana. Dothi lafewa. Ndatulutsa chingwe, zikhomo, wilibala ya manyowa. Ndayeza mipata m'mbali zonse ziwiri, mango mbali yanga, mapeyala mbali ya Che Jafali. Ndakumba dzenje loyamba, msana wakana.

Adzukulu aja atulukira ndi makasu awo. Lamulungu sagwira ntchito, akutero, koma iyi si ntchito. "Tambala anali wonona, madala. Ndiye dzenje lanu lija sitinakumbe." Akumba maenje onse, kuyambira ku msewu waukulu mpaka ku dibi. M'mbali mowongoka, kuya kofanana. Anthu odziwa ntchito yawo. Ndangowapempha kuti asapitirire m'mawondo.

Ndang'amba machubu ndekha. Amake Tamanda akuthirira pambuyo panga. Afika pa bikoni lakuda, aliyang'ana nthawi yaitali. Ndati ayi. Akuti njerwa ija yasweka kale.

Zoona zake, pomaliza sabata:

- munda wa dzina langa: palibe
- tambala: palibe
- udindo umene sindinaufune: ulipo
- mbande: zonse zili m'nthaka, pa nthawi yake

Mango oyamba sindidzawalawa. Ana a sukulu sadikira kuti zinthu zipse, ndipo ndawerenga mokwanira za mbuzi. Mthunzi ndi wa eni msewu. Ukamwini wanditsatira mpaka kuseri kwa mpanda wanga, kungoti tsopano ndakwatira ku boma.

Madzulo. Ndatulutsa mpando wa ndalema, ndaukhazika m'mbali, pafupi ndi mango oyamba, kuti mbuzi zindione. Kabaza ikubwera kuchokera ku msika. Wokwera akuuza woyendetsa: "Ulowere kwa Mlangizi." Dzina lamera kale, mitengo isanagwire.

Odutsa lero: sindinawerenge.

Amoni: onse.